Kuchotsa kabureta n'kuika injekita pa njinga ya kabaza ya ku Kasinje

Pa Kasinje, monganso m'malo ena amalonda a m'mbali mwa msewu wa M5, njinga yamoto imagwira ntchito ya basi, ya ngolo ndiponso ya ambulansi. Imanyamula matumba a chimanga kuchokera m'midzi ya m'chigwa cha Bwanje, imathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala usiku, ndipo imakwera zitunda za ku Kandeu ndi anthu awiri kumbuyo. Njinga zambiri mwa izi, kaya Lifo, Boxer kapena King Lion, zili ndi injini ya silinda imodzi ya pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo petulo amalowa mu injinimo kudzera mu kabureta.

Wakabaza amatsala ndi chiyani madzulo? Pa ndalama za tsikulo amachotsa za mwini njinga ngati si yake, amachotsanso za mafuta, zotsalazo n'zimene amapita nazo kunyumba. Mu November 2023 ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, lita imodzi ya petulo inafika pa K2,530, ndipo m'miyezi imene mafuta ankasowa anthu akumidzi ankagula a m'zigubu pamtengo woposa pamenepo kutalitali. N'chifukwa chake anyamata amene amaonera makanema a amakaniko pa YouTube amafunsa funso limodzimodzi: bwanji osachotsa kabureta n'kuika throttle body ndi injekita, zija zili m'galimoto zamakono, kuti njinga izimwa mafuta pang'ono? Zimatheka ndithu, ndipo anthu akhala akuchita zimenezi kwa zaka zoposa 20. Koma ntchitoyi ili ndi mbali zambiri zimene makanema a mphindi khumi saonetsa.

Tiyambe ndi chimene chikuchotsedwacho. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zosakanizidwa pamlingo woyenera. Kuti petulo apse yense popanda wotsala, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kabureta imayeza mlingo umenewu popanda magetsi. M'kati mwake njira ya mpweya imapanikizika pakati, ndipo mpweya ukamadutsa pamalo opanikizikawo umathamanga kwambiri n'kuyamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi kudzera m'kabowo kotchedwa jeti. Mtaliyana wina, Giovanni Battista Venturi, analemba za khalidwe limeneli la madzi ndi mpweya mu 1797, ndipo malo opanikizikawo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Ukakoka moto, kebulo imakweza kachitseko ndi singano yake, mpweya umachuluka, mafutanso amachuluka. Ndi chipangizo chanzeru kwambiri, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amachimasula ndi sikuludiraiva imodzi, kuchitsuka, n'kuchibwezera makasitomala asanatope kudikira.

Vuto la kabureta ndi lakuti siidziwa kulemera kwa mpweya umene ukudutsa. Apa ndi pamene boma la Ntcheu limakhala kalasi yabwino. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chigwa cha Bwanje sichikwera kwambiri kuposa pamenepo. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Lizulu, Mlangeni ndi Tsangano ali kumtunda komweko. Pa mamita 100 alionse amene munthu wakwera, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 1 peresenti. Njinga yochoka ku Kasinje m'mawa n'kukafika kumsika wa Lizulu masana imapeza mpweya wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Kabureta imene inachunidwa kuchigwa imapitiriza kupereka mafuta ochuluka kuposa mmene mpweya wakumtunda ukufunira.

Kusiyanaku sikwakukulu ngati mmene ogulitsa zipangizo amanenera. Mpweya ukapepuka, mphamvu yake yoyamwa petulo imachepanso, choncho kabureta imadzikonza yokha ndi theka. Mpweya ukapepuka ndi 10 peresenti, mafuta amapyola mlingo ndi 5 peresenti yokha kapena kuzungulira pamenepo. Kuwonjezera apo, kumtunda kumazizira ndipo mpweya wozizira ndi wolemera, zimene zimabwezeranso pang'ono. Mafuta ambiri amene njinga za kabaza zimataya satayikira pa chitunda. Amatayikira pa fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, singano yoperepeseka, kambale kosefukira, tcheni chouma ndi matayala opanda mpweya wokwanira.

Throttle body payokha ndi chinthu chosavuta kuposa kabureta. Ndi kapaipi ka aluminiyamu kokhala ndi kachitseko kozungulira m'kati, kamene kamatseguka ukakoka moto. Siiyamwa mafuta, imangolola kapena kuletsa mpweya. Mafuta amabwera ndi pampu yamagetsi, imene imawakankha ndi mphamvu ya mabaa pafupifupi 3, kuposa mpweya wa m'tayala la njinga. Amafikira pa injekita, kavalavu kamagetsi kamene kamatseguka ndi kutsekeka mwachangu n'kumwaza petulo ngati nkhungu. Chimene chimalamula kuti injekita itseguke nthawi yotalika bwanji ndi kakompyuta kotchedwa ECU, ndipo kameneka kamadalira masensa kuti kadziwe zimene zikuchitika mu injini. Ndiye wochotsa kabureta amaika m'malo mwake zinthu zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, ndipo chilichonse chimafuna waya wake ndi malo ake pa njinga imene sinapangidwire zimenezo.

Luso limeneli silinayambire pa njinga zing'onozing'ono. Kawasaki inatulutsa njinga yaikulu ya Z1000 yokhala ndi injekita mu 1980, ndipo pofika zaka za m'ma 2000 njinga zothamanga za ku Japan monga Suzuki GSX-R ndi Honda CBR zinali ndi throttle body pa silinda iliyonse, zinayi pamzere umodzi. Njinga zoterezi zikachita ngozi, zipangizo zake zinkagulitsidwa motchipa, ndipo okonda mipikisano ya galimoto ku Ulaya, America ndi South Africa anayamba kuzigula n'kuzimangirira pa injini za galimoto za masilinda anayi. Chimene chinatsegula njira kwenikweni ndi ECU yomwe munthu wamba akhoza kuichuna yekha. Mu 2001 Bruce Bowling ndi Al Grippo anatulutsa MegaSquirt, imene munthu ankagula tizidutswa n'kulumikiza yekha kunyumba. Pambuyo pake Josh Stewart wa ku Australia anayambitsa Speeduino, yomangidwa pa kabolodi ka Arduino Mega 2560 kamene ophunzira ambiri a zamakompyuta amakadziwa kale. Zonse ziwiri zimachunidwa pa laputopu ndi pulogalamu ya TunerStudio.

Cholakwa choyamba chimene ambiri amachita ndi kusankha throttle body yaikulu poganiza kuti kukula ndiko mphamvu. Kabureta ya njinga ya 125cc imakhala ndi khomo la mamilimita pafupifupi 26 kapena kucheperapo. Throttle body imodzi yochotsedwa pa njinga yothamanga ya 600cc ikhoza kukhala ya mamilimita 38. Pa manambala zimaoneka ngati zayandikana, koma chofunika ndi kukula kwa bwalo la khomolo. Chulukitsani 26 ndi 26 mupeza 676. 38 ndi 38 mupeza 1,444. Khomo lachiwirilo ndi lalikulu kuposa kawiri. Pa injini yaing'ono, kachitseko kakangotseguka pang'ono injini yalandira kale mpweya wonse umene ingathe kumeza, ndipo kukoka moto kupitirira apo sikusintha kanthu. Njinga yotere imadumpha ukangogwedeza dzanja. Pamsewu wa fumbi wokumbika, mayi atakhala chammbali kumbuyo ndi mwana kumsana, njinga yodumphadumpha ndi ngozi. Yoyenera ndi throttle body yochokera pa njinga ina yaing'ono kapena sikuta ya 110cc mpaka 150cc imene inabwera ndi injekita kuchokera kufakitale, ya mamilimita pakati pa 22 ndi 28.

Injekita nayo imafuna masamu omwewo, ndipo masamu ake ndi osangalatsa. Silinda ya 125cc ikadzaza bwino imatenga mpweya wolemera magalamu pafupifupi 0.15, popeza lita imodzi ya mpweya imalemera magalamu 1.2. Gawani 0.15 ndi 14.7, mupeza magalamu 0.01 a petulo. Kameneka ndi kadontho kochepa kuposa theka la dontho la mankhwala a m'maso. Injekita yotulutsa 80cc pa mphindi imafuna mamilisekondi pafupifupi 10 kuti ipereke kadontho kameneka, milisekondi imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Injini ikamazungulira maulendo 8,000 pa mphindi, imayamwa mpweya kamodzi pa mamilisekondi 15 alionse. Ndiye injekita ya 80cc imakwanitsa ntchitoyo ndipo imatsala ndi kanthawi kopuma.

Tsopano tiyerekeze kuti mwatenga injekita ya galimoto pa sikirapu, yotulutsa 250cc pa mphindi. Pothamanga palibe vuto. Koma njinga ikaima pa siteji injini ikulira pang'onopang'ono, mafuta ofunika amatsika kufika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, ndipo injekita yaikuluyo iyenera kutseguka kwa milisekondi imodzi yokha. Tsoka ilo, kanthawi kamene injekita imataya pongoyamba kutseguka nakonso ndi pafupifupi milisekondi imodzi, ndipo kamatalika batire ikafooka. Zili ngati kuthira mchere m'ndiwo pogwiritsa ntchito fosholo. Injini imalira mosakhazikika, pulagi imada, ndipo mafuta amene munkafuna kupulumutsa amatuluka ku ekizozi ngati utsi wakuda.

Kumangirira throttle body pa injini ndi ntchito ya manja. Mabowo a mabawuti sakumana, choncho pamafunika kachitsulo kolumikizira kosemedwa pa makina ndi amisiri onga a ku Ndirande kapena ku Biwi. Malo olumikizirawo asalowetse mpweya ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya wolowera kuseri kwa kachitseko ECU siiudziwa ndipo siiupatsa mafuta ake. Pakati pa mutu wa injini ndi throttle body pakhale rabala kapena pulasitiki yolimba yotchinga kutentha. Injekita iloze kumsana kwa valavu yolowetsa mpweya, chifukwa valavu yotenthayo imathandiza petulo kusanduka nthunzi. Ikaloza kukhoma, mafuta amayenderera ngati madzi ndipo injini imachedwa kuyankha. Kebulo ya moto iyezedwe kuti dzanja likafika kumapeto kachitseko kakhale katatseguka konse, ndipo sipuling'i yobwezera ikhale yamphamvu moti mukasiya dzanja katsekeke kokha, chiwongolero chitakhotera kumanja kapena kumanzere. Ma throttle body ena a Suzuki ali ndi kachitseko kachiwiri koyendetsedwa ndi kamota. Osintha amakachotsa, koma mabowo otsala ayenera kutsekedwa bwinobwino.

Masensa ndiwo maso a ECU. Pa throttle body pamakhala sensa youza mmene kachitseko katsegukira. Ina imayeza kutentha kwa mpweya wolowa, ina kutentha kwa injini. Popeza njinga za kabaza sizizizira ndi madzi, sensa ya injini imamangidwa pamutu wa silinda kapena pamene pali oyilo, ndipo ndi imene imagwira ntchito ya choko m'mawa wa June. Chofunika kuposa zonse ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini. Njinga zathu zili ndi kachotupa kamodzi pa fulaiwilo kamene kamauza CDI nthawi yoyatsa pulagi, ndipo ngati mukufuna ECU iziyang'anira mafuta okha, chizindikiro chimenecho chikhoza kukwanira. Mukafuna kuti iziyang'aniranso moto wa pulagi, pamafunika gudumu la mano, monga la mano 36 lochotsedwa dzino limodzi kuti kompyuta izidziwa pamene pisitoni ili. Woyamba kumene ndi bwino asiye CDI pamalo pake. Vuto limodzi pa nthawi ndi lokwanira.

Pali sensa inanso imene imavutitsa kwambiri pa injini ya silinda imodzi, yoyeza kuyamwa kwa mpweya kuseri kwa kachitseko, yotchedwa MAP. M'galimoto ya masilinda anayi nthawi zonse pamakhala silinda imene ikuyamwa, choncho muyeso umakhala wodekha. Pa silinda imodzi injini imayamwa kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndipo muyeso umakwera ndi kutsika ngati kupuma kwa munthu wothamanga. Ambiri amathawa vutoli pouza ECU kuti iziwerengera mafuta poona zinthu ziwiri zokha, kutseguka kwa kachitseko ndi liwiro la injini, njira yotchedwa Alpha-N. Njirayi imagwira, koma nayo siidziwa kuti njinga yakwera phiri. Kuti idziwe, pamafunika sensa yachiwiri yoyeza kulemera kwa mpweya wakunja nthawi zonse. Ma ECU ena amayeza mpweya wakunja kamodzi kokha pamene kiyi watembenuzidwa. Njinga yolizidwa ku Kasinje n'kukwera osazima mpaka ku Ntcheu Boma imafika ikuganizabe kuti ili kuchigwa, ndipo yabwerera ku vuto lomwe lija la kabureta, itadya kale ndalama zambiri.

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, ntchito zambiri zotere zimafera pa magetsi. Njinga ya kabureta yokhala ndi CDI yodalira koyilo imalira ndi kiki ngakhale batire itafa kapena itachotsedwamo, ndipo aliyense amadziwa kuti njinga zambiri za kabaza zikuyenda choncho. Njinga ya injekita yosinthidwa kunyumba siingatero. Pampu iyenera kuyamba yadzaza mafuta m'paipi injini isanalire. Pampu yaing'ono imadya maampu 1 kapena 2, injekita ya maohm 12 imadya ampu imodzi ikatseguka, sensa ya mu ekizozi ili ndi kowotchera kake kamene kamadyanso ampu imodzi kapena kuposa, ECU nayo imafuna kake. Zonse pamodzi zikhoza kufika mawati 40 mpaka 60. Pa njinga zambiri zotchipa, koyilo imatumiza magetsi ake ambiri ku nyale mwachindunji ndipo batire imangolandira otsala. Pamafunika kusintha kalumikizidwe ka koyilo, kuika rekitifaya yotenga magetsi onse, ndi kuchotsa babu la mawati 35 n'kuika la LED. Wopanda kuchita zimenezi adzayenda bwino masana, koma usiku atayatsa nyale batire idzatsika pang'onopang'ono mpaka njinga kuzima pakati pa tchire, mwina ndi wodwala kumbuyo.

Mafuta enieniwo nawo ali ndi nkhani yake kuno kwathu. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, fakitale ya Ethco itatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 PressCane inayamba kupanga ethanol ku Chikwawa. Onsewa amagwiritsa ntchito zotsalira za nzimbe popanga shuga. Ethanol amafuna mpweya wochepa, magalamu 9 pa galamu imodzi, choncho petulo wosakaniza 10 peresenti amafuna mlingo wa pafupifupi 14.1 ndipo wa 20 peresenti pafupifupi 13.5. Tebulo la mafuta lokopera kwa munthu wa dziko lina silingafanane ndi mafuta athu. Ku Ntcheu nkhaniyi imakula chifukwa malire a Mozambique ali pafupi, ndipo thanki imodzi ikhoza kulandira mafuta a mbali zonse ziwiri m'sabata imodzi. Apa ndi pamene injekita imaposadi kabureta: sensa ya mu ekizozi imaona mpweya wotsala mu utsi, ndipo ECU imawonjezera kapena kuchepetsa mafuta yokha mosasamala kuti m'thanki muli chiyani. Sensa imeneyi imafa ikakumana ndi petulo wa mtovu, koma mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wotero pofika 2006.

Koma mafuta a m'mabotolo ndi m'zigubu ndiwo mdani wamkulu. Timabowo ta injekita ndi tating'ono kuposa nsonga ya singano. Kamchenga kamene kabureta ikanangokasiya pansi pa kambale kamatseka injekita, ndipo pampu imaperepeseka ndi dzimbiri la m'thanki. Ethanol amakoka madzi, ndipo amadya mitundu ina ya rabala. Mafuta osakanizidwa ndi parafini amawononga injini iliyonse, koma pa injekita amasokonezanso kachunidwe konse. Fyuluta ikhale iwiri, ina pampu isanafike, ina yosefa kwambiri pampu itadutsa. Ndipo kapaipi kofewa koonekera m'kati kamene timagula pa golosale ya masipeya kanapangidwira mafuta ongotsika okha kuchokera m'thanki. Pa mabaa 3 kakhoza kuphulika kapena kuvuka, n'kumwaza petulo pa ekizozi yotentha pakati pa miyendo ya woyendetsa. Paipi ikhale yolembedwa kuti ndi ya injekita, yomangidwa ndi zomangira zachitsulo. Pampu ilumikizidwe kudzera pa rilee yolamulidwa ndi ECU kuti injini ikazima nayonso izime. Pampu yolumikizidwa ku kiyi mwachindunji imapitiriza kupopa njinga itagwa. M'kutentha kwa October kuchigwa, pampu yoikidwa pafupi ndi injini imawiritsa petulo n'kuyamba kupopa nthunzi, choncho iikidwe pansi pa thanki koma kutali ndi mutu wa silinda.

Zonse zikamangidwa, njinga imakhala isanadziwebe kanthu. Mu Speeduino muli tebulo la mizere 16 ndi mizati 16, timabokosi 256, ndipo kalikonse kamanena mafuta ofunika pa liwiro lakutilakuti ndi moto wakutiwakuti. Timabokosi timeneti timadzazidwa poyendetsa njinga laputopu ili m'chikwama, n'kumaona zimene sensa ya mu ekizozi yalemba. Pa ntchito yochuna pamafunika sensa ya mtundu wa wideband, monga Bosch LSU 4.9, imene imanena kuti mafuta apyola kapena aperewera ndi mlingo wanji. Sensa wamba imangonena kuti achuluka kapena achepa. Amisiri amakonda kuwerenga muyeso wotchedwa lambda, pamene 1 amatanthauza mlingo wokwanira ndendende pa mafuta a mtundu uliwonse. Poyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, lambda 1 ndi wabwino. Pokoka moto wonse pamafunika pakati pa 0.85 ndi 0.9, kutanthauza mafuta opyola dala.

Mafuta opyolawo ali ndi ntchito yake, yoziziritsa pisitoni ndi mavalavu. Munthu amene wawononga ndalama zambiri pofuna kupulumutsa petulo amakopeka kutsitsa manambala onse m'tebulo, ndipo pa phula la M5 njinga imaoneka kuti yavomera. Mayeso enieni ali pa chitunda. Njinga yonyamula matumba awiri, ikukwera pa giya yachiwiri masana a dzuwa, imatentha kwambiri pamene mphepo yoiziziritsa ili yochepa chifukwa ikuyenda pang'onopang'ono. Mafuta akachepa pamenepo, valavu ya ekizozi imapsa kapena pisitoni imabooka pamwamba. Kabureta yochokera kufakitale inachunidwa mosiya mpata wotetezera injini pa nthawi zotere. Pa ECU yochuna wekha, mpata umenewo uliponso pokhapokha ngati wauika.

Ndiye n'koyenera? Masamu ake wakabaza aliyense akhoza kuwachita. Tiyerekeze kuti njinga imamwa malita 2 patsiku, ndipo kusinthaku kwapulumutsa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndi malita 0.2 patsiku, malita pafupifupi 5 pa masiku 26 ogwira ntchito pamwezi, malita 60 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa lita lero, kenako yerekezani ndi mtengo wa ECU, throttle body, pampu, masensa, rekitifaya, batire yatsopano ndi msonkho wa MRA, zonse zogulidwa ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa. Onjezanipo masiku amene njinga idzakhale isakugwira ntchito pochunidwa, ndi tsiku limene sensa idzafe pa Kasinje pamene ina ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kwa munthu amene njinga imodzi ndiyo ikudyetsa banja, ine sindingamulangize kutero. Kutsuka fyuluta ya mpweya sabata iliyonse m'chilimwe, kusintha singano ndi jeti zoperepeseka, kuyeza mpata wa mavalavu ndi kupopa matayala zikhoza kumubwezera mafuta ofanana ndi amenewo pamtengo wa maulendo angapo.

Kwa wophunzira nkhani ndi ina. Kuyambira pa 1 April 2020, dziko la India linakhwimitsa malamulo a utsi otchedwa BS-VI, ndipo makampani monga Bajaj, TVS ndi Hero anayenera kuika injekita kapena kabureta yolamulidwa ndi kompyuta pa njinga zogulitsidwa kwawo. Ku Ulaya malamulo a Euro 4 anachita zofanana kuyambira 2016. Ku Thailand, Honda inayamba kugulitsa kanjinga ka Wave 125i ka injekita kale mu 2003. Mafakitale amene amatipangira njinga akutumizabe za kabureta ku Africa chifukwa malamulo athu amalola ndipo ogula amafuna zotchipa, koma za injekita zayamba kale kuoneka m'matauni, ndipo galimoto zakale zochokera ku Japan zimene zadzaza misewu yathu zonse ndi za injekita. Makaniko wodziwa kugwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi, kuwerenga sensa ndi kusiyanitsa pampu yofooka ndi injekita yotsekeka adzakhala ndi ntchito m'malo onga Kasinje, Sharpevale ndi Golomoti, kumene njinga yotere ikafa imakwezedwa pa lole kupita kutauni. Palibe njira yabwino yophunzirira zimenezi kuposa kumanga dongosolo lonse ndi manja ako.

Gulu la ophunzira lofuna kuyesa liyambe ndi injini yakale yomangidwa pa tebulo panja, chozimitsira moto chili pafupi, osati njinga ya munthu. Njira yachidule ndi kupeza njinga yaing'ono ya injekita imene inachita ngozi n'kutenga throttle body, injekita, pampu ndi masensa zonse pamodzi, popeza zinayezedwa kale kuti zigwirizane. ECU ya kufakitale nthawi zambiri siilola kusintha tebulo lake, choncho m'malo mwake muike yochunika. Yambani ndi magetsi: yezani ngati batire ikufika mavoti pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira, nyale ndi pampu zili zoyaka. Pokhapokha zimenezi zitatheka m'pamene mugwire mafuta. Kabureta yakaleyo musaitaye kapena kuigulitsa. Itsukeni, muikulunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kebulo yake ndi rabala yolumikizira, ndipo pa maulendo oyamba okayesa njinga kumsewu wa ku Kandeu muziinyamula m'chikwama limodzi ndi sipanala ya 10.